Bwanji wosula akusauka pomwe wa Alchemy akulemera?

Achimwene ena a ku Rosettenville anditumizira imelo, funso lawo mwachidule ndi ili: mu gemu ya pa intaneti ya World of Warcraft (WoW) anasankha ntchito za Blacksmithing (kusula) ndi Mining (kukumba miyala ya chitsulo), mnzawo amene amagwira naye ntchito ku Fordsburg anatenga Alchemy (kupanga mankhwala) ndi Herbalism (kuthyola zitsamba), anayamba limodzi koma mnzawoyo golide ali mbwee pomwe iwo zida akasula zikungobwerera osagulidwa. Akufunsa ngati Blizzard, kampani yopanga gemuyi, imakondera ntchito zina, komanso ngati angoisiya ntchitoyo.

Achimwene, musaisiye kaye. Kusiyanako kulipo ndithu, koma gwero lake ndi loti katundu wina amatha pomwe wina satha. Potion ndi flask ndi mankhwala amene wa Alchemy amapanga, potion munthu akamwa yapita, flask ikatha nthawi yake agula ina, ndiye aliyense wopita ku raid (nkhondo ya gulu lalikulu la osewera) sabata ndi sabata amabwereranso kwa mnzanuyo. Lupanga lanu munthu agula kamodzi basi, akhala nalo mpaka boss (mdani wamkulu wa mu gemu) atagwetsa lina loposa lanulo, ndipo kuyambira pamenepo sakufunaninso. Zili ngati wa mandasi ndi kalipentala, wina makasitomala ake ndi a m'mawa uliwonse, winayo tebulo akagulitsa lero adikira zaka.

Palinso china chimene ambiri sachiona. Amene akuphunzira kusula amapanga zinthu zambirimbiri zimene palibe waziitanitsa, akungofuna skill (luso) ikwere, kenako onse amakazikhuthula pa Auction House, msika wa osewera, pa mtengo uliwonse. Mapeto ake chida chosulidwa chimatchipa kuposa chitsulo chimene chalowamo! Osewera gemu ina ya RuneScape amazidziwa bwino izi, chibwerereni msika wake wa Grand Exchange mu 2007 mitengo ili poyera ndipo nthawi zambiri munthu amachita kuluza ndalama kuti apeze XP, mapointi okwezera luso. Ku WoW onjezanipo 5 peresenti imene Auction House imadula mukagulitsa, ndi dipoziti imene imapita katundu akabwerera, muona chifukwa chake thumba lanu likupepuka.

Blizzard yakhala ikulimbana nayo nkhaniyi kuyambira kalekale. Mu Burning Crusade, expansion (gawo lowonjezera la gemuyi) ya 2007, ng'oma za a Leatherworking zinkathandiza gulu kwambiri moti anthu ankataya ntchito zimene amazikonda kuti akhale osoka zikopa, guild (gulu limene amasewera nalo) yatero basi. Mu expansion yotsatira, Wrath of the Lich King, anayesa kupatsa ntchito iliyonse kabonasi kake ka pankhondo, wosula ankaika socket (malo oikapo mwala wowonjezera mphamvu) yapadera pa magolovesi ndi pa bracers (zotchinga pamkono), koma anthu anangoyamba kuwerengetsera kuti ndi iti ikuposa inzake. Pofika Warlords of Draenor mu 2014 mabonasi amenewa anawachotsa, ndipo ine ndimati anachita bwino. Munthu asankhe kusula chifukwa amakonda kusula, osati chifukwa a raid leader amuopseza kuti amusiya panja.

Kwa ine gemu imene inaimvetsa nkhaniyi ndi Albion Online, ya Sandbox Interactive ya ku Berlin, inatuluka mu 2017. Pafupifupi chida chilichonse m'menemo amapanga ndi osewera, ndipo ukafa ku red zone kapena black zone, madera oopsa amene osewera amaphana, zonse zimene wavala zimatsala pompo, zina zimaonongekeratu. Ndiye wosula sasowa kasitomala, amene wafa usiku uno mawa akufuna zovala zina. EVE Online ndi chimodzimodzi kuyambira 2003, sitima ya m'mlengalenga ikaphulika yaphulika. Pamenepa mpomwe ndimaona kuti kulinganiza ntchito sikutanthauza kuti aliyense azipeza golide wofanana ayi, koma kuti ntchito iliyonse ikhale ndi kena kake kamene anthu amabweranso kudzagula. Final Fantasy XIV inadzera njira ina, character mmodzi atha kuphunzira ntchito zamanja zonse 8, kotero palibe wodandaula kuti anasankha molakwika, ngakhale ineyo ndimaona kuti zimachepetsako kudalirana kumene kumakometsa magemu amenewa.

Tsono inuyo mutani? Ku WoW kuyambira expansion ya Dragonflight mu 2022 kuli ma Crafting Order (maoda a makasitomala), ndipo ndalama ya wosula ili kumeneko. Kasitomala amabweretsa zipangizo, inu mumasula, iye amalipira ntchito ya manja anu, ndipo zida zambiri zapamwamba sizingaikidwe pa Auction House n'komwe. Koma ma knowledge point, mapointi okulitsira luso pa nthambi za ntchitoyo, amabwera pang'onopang'ono, mukawamwaza paliponse mukhala wosadziwa chilichonse bwinobwino, choncho sankhani nthambi imodzi, kaya zida zomenyera kaya zovala zachitsulo, muifikitse kumapeto ndipo muzilengeza pa Trade chat, polengezera malonda mu gemu, madzulo anthu a ku Europe ataweruka. Mwayi wathu kuno ku Joni ndi woti nthawi yathu ikufanana ndi ya ambiri a iwo kapena kusiyana ola limodzi lokha, komanso kusula sikufuna ping (liwiro la netiweki) yabwino ngati PvP, kumenyana ndi osewera anzako, ngakhale netiweki ikuvuta oda mumaliza.

Musaiwale kuti nanunso muli ndi katundu wakutha, miyala yonolera zida ija anthu amagula mobwerezabwereza, ma alloy (zitsulo zosakaniza) nawonso osula anzanu amawafuna. Expansion ikangoyamba gulitsani ore (miyala ya chitsulo imene mwakumba) wosasula chifukwa mtengo umakhala uli pamwamba, kusula kwenikweni mudzayambe mitengo ikatsika. Ndipo chikwakwa chimene mnzanu wa Herbalism amadulira zitsamba amapanga ndi wosula, mufunseni kuti chake anagula kwa ndani ndipo analipira zingati.