Kulowetsa makina a okosijeni ndi a sikani kudzera pa boda ya Dedza

Achimwene a ku Ntcheu, mwafunsa ngati mungawonjezere makina othandiza kupuma ndi a sikani pa katundu amene mumakapikula ku Johannesburg, n'kumagulitsa kuzipatala zomwe si zaboma. Zimatheka, koma katundu ameneyu sayenda ngati mabulangete. Ntchito yaikulu imachitika musanakwere basi.

Zipangizo zachipatala amaziyang'anira ndi a PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, ndiye mukafunse kumeneko za chilolezo chogulitsa ndi cholowetsera katunduyo musanatulutse ndalama. Makina a X-ray ali pansi pa lamulo lina la 2011 ndipo amafuna chilolezo cha AERA, bungwe loona za mphamvu za atomiki. Wongoyamba kumene awasiye kaye. Ku MRA mukhale ndi nambala ya wokhoma msonkho (TPIN), invoisi yolemba dzina la makina, modelo ndi nambala yake, ndipo mudzere kwa ejenti woombola katundu pa boda. Pa msonkho, makina a okosijeni ndi a CPAP (okankhira mpweya m'mphuno kuti wodwala apume bwino) amagwera pa nambala 9019.20, a sikani pa 9018.12. Zomwe zimakambidwa m'basi zoti katundu yense wachipatala salipira msonkho musazidalire, ejenti akuwerengereni mudakali ku Joni. Njira ndi ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Calomue n'kulowa Dedza, ndipo ku Zimbabwe ndi ku Mozambique katundu amafuna mapepala osonyeza kuti akungodutsa.

Za patenti tsopano. Amene watulukira chipangizo amachilembetsa kuti ena asachipange kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake, m'mayiko ambiri kwa zaka 20, ndipo chitetezocho chimagwira m'dziko limene walembetsa. Kuno zimadzera ku ofesi ya boma yolembetsa patenti kapena ku ARIPO ku Harare, bungwe lolembetsa patenti la mayiko ena a mu Africa. Kwa ife ogulitsa, pomwe zimapweteka ndi pa masipeya. Kachipangizo kopana pachala ka makina a Masimo oyezera okosijeni m'magazi sikalowa pa makina a Nellcor, ndipo otchipa ongofanizira ena amawerenga molakwika. Sikani ya m'manja ya Butterfly iQ, yomwe m'malo mwa timiyala ta sikani zakale ili ndi chip, imadalira foni yoyenera ndi pulogalamu ya kampaniyo yomwe ili ndi malipiro ake. Choncho musanafunse mtengo wa makina, funsani kuti masipeya ake amagulitsa ndani, ali kuti, ndipo ndi ndalama zingati.

Makina opanga okosijeni ndi amene amafunika chidwi kwambiri, poti moyo wa munthu umakhala pamenepo. Mpweya womwe timapuma uli ndi okosijeni 21 pa 100 basi. Makinawa amaukankhira m'mabotolo awiri odzaza ndi timibulu ta zeolite, timene timagwira nayitrojeni n'kusiya okosijeni woposa 90 pa 100. Timibuluti timadana ndi chinyontho. Makina akakhala miyezi osayatsidwa m'chipinda cha mnyontho, kompuresa imalira bwinobwino, kampira ka pa geji kamakwera, koma chotuluka chimakhala mphepo wamba. Maso sangaone zimenezi. Gulani kachipangizo koyezera okosijeni wotuluka m'makina, osati ka pachala kaja, ndipo kwa wogulitsa komweko yatsani makina, muwaike pa malita onse amene amatulutsa pa mphindi, mudikire mphindi 15, kenako muyeze. Akalephera kufika 90, asiyeni ngakhale mtengo ukome. Onaninso kawindo kowerenga maola amene agwira ntchito, chifukwa bokosi lonyezimira limabisa kaunjika.

Pa chizindikiro cha kumbuyo pakhale 230V ndi 50Hz. Ochokera ku America ndi a 110 mpaka 120V pa 60Hz: amapsa, ndipo thiransifoma simakonza vuto la 60Hz. Pulagi ya ku Joni ya mapini obulungira muisinthe, muike ya kwathu. Makina a malita 5 amadya mawati 300 kapena kuposerapo pang'ono, a malita 10 pafupifupi 600, ndiye wogula adziwiretu kukula kwa jenereta kapena sola yofunika magetsi akathima. Dedza ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Werengani m'buku la makina malire a kutalika kwa malo amene angagwire bwino.

CPAP ya kaunjika muisamale nayo. Mu 2021 kampani ya Philips idaitanitsa makina ake ambiri a CPAP ndi ena ofanana nawo otchedwa BiPAP, kuphatikizapo DreamStation yoyamba, chifukwa siponji yochepetsa phokoso inkanyenyeka n'kulowa munjira ya mpweya. Opanda umboni woti adakonzedwa musawagule. Komanso CPAP ya akulu obanika kutulo si ya makanda. Ya makanda ndi ina, monga Pumani, yomwe idapangidwa mogwirizana ndi Rice University ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Paulendo, makina a okosijeni ayende choimirira m'bokosi lake, pamwamba osasanjikapo matumba. Mutu wa sikani, umene amauyendetsa pathupi pa wodwala, muuyangate nokha. Ukagwa kamodzi timiyala ta mkati timasweka, pachithunzi pamatsika mzere wakuda, ndipo mutuwo ndi umene uli ndi mtengo waukulu.

Pa makina aliwonse tengani mafyuluta apadera, mabotolo onyowetsera mpweya ndi timapaipi ta m'mphuno ta akulu ndi ta ana. Wogula mumuuze kuti fyuluta ya siponji azichapa sabata iliyonse n'kuiumitsa asanaibwezere, makina azitalikira khoma, ndipo mbaula, kandulo kapena fodya zisayandikire. Malita a wodwala amanena ndi adokotala, osati ife ogulitsa.