Manda a Chilembwe sali ku Mbombwe

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji munazungulira pa mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe ponse osaona manda a John Chilembwe, komanso ngati tchalitchi chimene chilipo lerochi ndi chomwe anamanga iyeyo. Maso anu sanakunamizeni. Chilembwe sanaikidwe ku Mbombwe, ndipo tchalitchicho chinamangidwa mwini wake atamwalira kale.

Mpingowu unayamba waung'ono zedi. Chilembwe anapita ku America ndi mmishonale wachizungu Joseph Booth mu 1897, nakaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Chiradzuluko, mothandizidwa ndi National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda a ku America. Iwowo ndi amene anatumizanso Landon Cheek ndi mayi Emma Delaney kudzathandiza ntchito ya sukulu. Pofika 1913 panali patayima tchalitchi chachikulu cha njerwa zootcha, chomangidwa ndi anthu akuda okhaokha, pomwe pa esiteti ya Bruce ku Magomero, woyang'anira esitetiyo William Jervis Livingstone ankawotcha timatchalitchi taudzu ta mpingo womwewu, anthu akulira ndi thangata.

Nkhondo ya Chilembwe yolimbana ndi atsamunda inabuka usiku wa pa 23 Januwale 1915, ndipo sinakhalitse. Asilikali a boma atafika ku Mbombwe anaphulitsa tchalitchi chija ndi dainamaiti. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, akulowera ku malire a Mozambique, ndipo atsamunda anamuika mwakachetechete kumeneko, m'manda opanda chizindikiro. Ine ndimaona kuti anachita dala: mukanakhala chiliza chodziwika, anthu akanamasonkhanapo chaka ndi chaka. Koma zinawatembenukira. Popeza abale ndi akhristu ake sanaone maliro, mbiri inawanda m'midzi yoti sanafe, anathawa, ndipo adzabweranso. Agogo ena ankakhulupirira zimenezi mpaka kumwalira kwawo.

Mishoni inakhala yotseka mpaka 1926, pamene boma linalola Dr Daniel Malekebu kuitsegulanso. Bamboyu anthu timamuiwala, chonsecho popanda iye bwenzi pa Mbombwe pali tchire. Anali mwana wa sukulu pa PIM pomwepo, anatsatira mayi Delaney ku America, nakamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917. Tchalitchi chimene munachionacho ndi cha m'nthawi yake, ndipo anatsogolera mpingowu zaka zambirimbiri asanamwalire mu 1978.

Ndiye mwambo wokumbukira Chilembwe wa pa 15 Januwale umachitikira pa PIM chifukwa ndi pamene panali ntchito yake, osati chifukwa mafupa ake ali pomwepo. Otsatira ake pafupifupi 40 amene boma linawanyonga kapena kuwawombera, nawonso musayembekezere kuti mukawapeza atandandalikidwa pamalo amodzi ndi mayina awo.

Mukabwererakonso, yambirani kwa abusa kapena akuluampingo kuti akupatseni munthu wokuyendetsani, akakuonetseni pomwe panali tchalitchi chakale. Mukafuna kulowa kumanda a m'midzi yozungulira, pemphani kaye kwa amfumu. Kumanda salowako chilowelowe ndi foni m'manja n'kumajambula ziliza za eni ake. Mungalipe nkhuku, mwinanso mbuzi.