TF2 siinafe amwene, koma ine inandionetsa zakuda

Mwafunsa ngati Team Fortress 2 (TF2), gemu yowomberana ya pa intaneti ya kampani ya Valve, ikadalipo. Ilipo amwene, anthu akusewera mpaka lero, musamvere amene akunena kuti inafa kalekale, ambiri mwa iwowa sanaitsegulepo zaka zisanu angomva za m'maluwa basi. Ine dzulo lomweli usiku ndalowa Casual, kumene gemu imakupezera yokha seva ya Valve, sindinadikire ndi mphindi ziwiri zomwe, seva yodzadza 12 uku 12 uko, pa mapu a Upward, anthu enieni olankhula pa maiki, wina mpaka kumukalipira Engineer wathu, womanga zipangizo, chifukwa anaika teleporter yoyang'ana kukhoma nde aliyense akatulukira amayamba wazungulira kaye ngati wasokonekera mutu kkkk. Gemu ya 2007 imeneyo, ena muno munali musanayambe ndi sukulu yomwe.

Koma chinambala cha osewera chimene mumachiona pa Steam, kumene gemuyi imadawunilodidwa, musachitengere pamtima. Mu July 2023 chinadutsa 250,000 anthu nkumavina kuti gemu yauka, pomwe gulu lalikulu mmenemo ndi ma akaunti ongoyatsidwa nkusiyidwa kuti azitolera zinthu zimene gemu imagwetsa sabata iliyonse, kenako eni ake nkukagulitsa. Amenewo simudzakumana nawo pa mapu alionse, sawombera, sayenda, angokhala. Nde mukafuna kudziwa zoona tsegulani server browser muone ndi maso anu maseva amene muli anthu nthawi imene inuyo mumasewera, osati kudalira graph.

Funso lanuli landikumbutsa zinthu zimene ndinkafuna kuziiwala mxiii. Amene munalipo 2020 ndi 2021 mukudziwa, koma kwa atsopano, nthawi imeneyo Casual inali itagwidwa ndi ma bot. Osati ma bot ophunzirira aja ayi, awa anali mapulogalamu a anthu ena oipa mtima, amalowa ngati Sniper, mfuti kuloza kumwamba thupi likungozungulira ngati nguli, iwe ungosuzumira pakhomo la spawn, pamene timu imayambira, mutu waphulika kale. Headshot ya changu imachotsa 150, Medic, wochiza anzake, moyo wake ndi 150 yomweyo, nde ine amene ndimasewera Medic ndinali ndiwo zawo. Akaichaja mfutiyo yonse ndi 450, ngakhale Heavy, chimphona cha moyo wambiri, umupope moyo woonjezera (overheal) mpaka pamapeto amagwa kamodzi. Pa maiki chiphokoso choti uvule ma headset, pa chat zotukwana zoti sindingazilembe muno, ndipo amabwera anayi asanu nthawi imodzi, akachuluka mu timu amayamba okha kuitana voti nkumachotsa anthu enieni mmodzimmodzi mpaka seva yonse nkutsala yawo. Valve itaona choncho mu June 2020 inatseka pakamwa ma akaunti aulere, ma bot ena nkupitirizabe kulankhula poti eni ake amawalipirira, amene anavutika ndi ana atsopano amene samatha ngakhale kuitana Medic akamapsa moto.

Tsiku langa linali mu 2021, pa mapu a Badwater, ife timu ya BLU tikukankha ngolo ya bomba, tafika pomaliza penipeni pamene pamakhala ma sentry, mfuti za Engineer zowombera zokha, awiri atatu ataunjikana paja. Gemu inali yokoma kwa nthawi yoyamba sabata yonse, palibe bot ngakhale imodzi, anthu akuseka, nthawi yatsala pang'ono. Ine Medic, kutsogolo kwanga Heavy amene anali mnzanga weniweni, tinkasewera limodzi pafupifupi usiku uliwonse, ndinkamudziwa mpaka mmene amapumira akafuna kulowa. Uber, mphamvu ya Medic yoti iye ndi amene akumuchiza asavulale kwa kanthawi, ili pa 80 peresenti ndi chakuti, ndipo amene mumasewera Medic mukudziwa kuti kuidzadza kumafuna masekondi 40 ngati zonse zikuyenda bwino, ukafa imabwerera pa ziro, nde ndinali nditabisala kuseri kwa khoma ngati khoswe, roketi zikudutsa pamutu, ine phee kusunga ka Uber kanga. Pomwepo munthu wina watuluka mu timu yathu, malo ake nkulowa chi bot. Chisanathe ndi mphindi chasintha dzina nkutenga langa. Langa ndithu, chilembo ndi chilembo, ankaikamo ka chizindikiro kosaoneka ndi maso kuti gemu izione ngati maina awiri osiyana, koma pa scoreboard mukuona anthu awiri dzina limodzi.

A RED, adani athu, ayamba kulira pa chat kuti chotsani bot yanuyo, ndipo anali ndi zoona chifukwa chinali chikuwathyola mitu ali ku spawn kwawo. Mnzanga uja nde anathamangira kuitana voti. Kabokosi katulukira kumanzere kwa screen kali ndi dzina langa, ine osadandaula poti ndikudziwa kuti ndi chi bot chija, ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero nchakuti ine mwini wakene ndi amene ndinkakuwa kwambiri pa maiki kuti adine F1, batani lovomereza voti, F1 anyamata F1 chichoke chimenechi, F1 musachedwe. Ndikuona manambala akukwera, 5, 6, 7, ine kusangalala. Uber yakwana 100, Medi Gun, mfuti yanga yochizira, yayamba kuthetheka magetsi, ndamuuza Heavy kuti tiye tilowe, chala chili pa batani lakumanja la mouse, tatuluka pakona, sentry yayamba kulira, ndikuti ndidine, screen yangoti zii. Main menu. Kauthenga pakati kondiuza kuti andichotsa ndi voti. Ndinakhala pampando manja ali pa keyboard pomwepo osasuntha, ma headset ali kukhutu mukungomveka kanyimbo ka pa menu, ndinadzichitira kampeni ndekha amwene, ndinadzichotsa ndi pakamwa panga.

Zikanathera pomwepo bwenzi pano ndikungoseka. Koma chi bot chija chinatsala mmenemo ndi dzina langa nkuyamba kulemba zonyansa za tsankho pa chat, wina anajambula screenshot nkukaiponya ku Discord ya ka community seva kena kamene ndinkasewerako zaka zitatu. Sinditchula dzina, kaya kalipobe kaya kanatsekedwa. Mmawa ndikuti ndilowe, ban. Ku Discord, ban. Admin wake, munthu amene ndinamuchiza kambirimbiri iye akusewera Soldier wosadziwa ndi rocket jump yomwe, analemba chilengezo chachitali kuti apeza mmodzi mwa oyendetsa ma bot pakati pathu ndipo pano sitisekerera zimenezo, anthu nkumamuwombera m'manja ndi ma emoji. Ndinamupeza ku inbox mwaulemu ndithu, ndinati bwana, dzina aliyense atha kukopera koma Steam ID ndi ya munthu mmodzi, aliyense amene anali mu gemu ija akanalemba status mu console akanaona maina awiri manambala osiyana, china chalowa mphindi ziwiri zapitazo ine ndili mmenemo theka la ola, taonani profile yanga maola onsewo a Medic, Sniper sindimugwira nkomwe. Yankho lake linali loti umboni tauona, nkundibloka. Umboni wake screenshot yodula yopanda ndi scoreboard yomwe. Munthu ameneyu mwezi ndi mwezi akamapempha thandizo lolipirira seva ine ndinkaponyako kangachepe, dzina langa linali pa mndandanda wa othandiza, tsiku limenelo analifufuta changu kuposa mmene amayankhira ma report a anthu obera enieni. Anthu ena ukangowapatsa ka batani ka ban amadziona ngati mfumu ya dziko lonse, chonsecho ndi seva ya anthu 24.

Nanga mnzanga Heavy uja, amene anasankha dzina lolakwika pa voti, amene ankadziwa bwinobwino kuti ndinali kumbuyo kwake ndi Medi Gun nthawi yonseyo? Anangoti duu. Mawu amodzi okha ku gulu kuti ayi anyamata ndinalakwitsa ndine akanathetsa nkhani yonse. Nditamufunsa anati sindikufuna kukangana ndi admin angandibanenso ine. Ameneyo nde anandiwawa kuposa chi bot, chifukwa chi bot ndi pulogalamu chilibe nkhope. Ndinaichotsa gemu pa kompyuta usiku womwewo.

Za #SaveTF2, kampeni ya osewera yodandaula za ma bot mu May 2022, ndinangoziona patali, a Valve anayankha pa Twitter kuti amva ndipo akukonza, panabwera timaupdate zinthu nkupepukako kenako ma bot nkubwereranso. Mu June 2024 anthu anadzukanso ndi #FixTF2, pempho losainidwa ndi anthu oposa 300,000, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo ma akaunti a ma bot anayamba kusesedwa mwaunyinji. Ine sindinakhulupirire, ndinadikira kaye milungu ingapo nkudawunilodanso mwakachetechete osauza munthu. Gemu yoyamba ndinatuluka pa spawn mapewa ali m'mwamba kudikira kuti mutu uphulike, palibe. Yachiwiri palibe. Sniper wa adani anandiphonya katatu motsatizana ndinatsala pang'ono kumuthokoza pa chat, kuphonya kumeneko nde umunthuwo. Kuchokera pamenepo Casual ikuseweredwa bwinobwino, obera alipo apo ndi apo koma ndi anthu amene mumatha kuwachotsa nkupitiriza.

Chimene musayembekezere ndi ma update akuluakulu. Yomaliza yeniyeni inali Jungle Inferno mu October 2017, ya Heavy imene anthu akhala akuidikira ija mpaka pano ndi nthabwala chabe. Zimene zimabwera ndi za nyengo, ya summer, Scream Fortress mu October, Smissmas mu December, ndipo zambiri mmenemo mapu ndi zipewa amapanga ndi osewera omwe. Mu April 2024 anaisamutsira ku 64-bit ma fps anakwerako, mu February 2025 anatulutsa code yake kuti opanga ma mod azipanga zawo. Nde gemuyi ikuyenda ndi mphamvu za anthu ake, ndipo Scream Fortress ikafika mumaona nkhope zakale zonse zabwerera.

Langizo langa, dawunilodani, ndi yaulere chiyambire 2011 palibe chimene mutaye. Ndipo pitani ku ma community seva, kumeneko nde kuli moyo weniweni, mumakumana ndi anthu omwewo tsiku ndi tsiku mpaka kudziwana, kuli ma admin ochotsa obera msanga. Eya ndikudziwa zimene ndangokamba kumene za admin, koma nanga nditani poti ndi zoona. Uncletopia, gulu la maseva la Uncle Dane wa pa YouTube, ilibe ma random crit (zipolopolo zamwayi zopweteka mowirikiza) ndipo anthu ake amasewera mwa serious, ngati manja anachita dzimbiri akupondani kaye sabata yoyamba. Mukafuna zongocheza kuli maseva a 2Fort osatseka usana ndi usiku kumene theka la timu likungovina pa mlatho palibe amene akufuna intelligence, chikwama chimene matimu amayenera kulandana. Chenjerani ndi maseva ena onama, pa list akulemba 23/24 mukalowa mupeza anthu atatu ndi ma bot ophunzirira. Sefani ndi ping, ndipo nthawi ndi nkhani yaikulu, madzulo a ku Europe kapena a ku America ndi pamene pamadzadza, nthawi zina za pakati pa sabata mapu osatchuka mudikira mpaka kutopa, nde musankhe ambiri osati amodzi okha. Batani la Competitive la mu gemu momwemo lisiyeni mukalamba muli pa mzere, amene amafuna mpikisano ali ku ma league ngati ETF2L ndi RGL, 6v6 kapena Highlander ya anthu 9 mbali iliyonse. Ku Mann vs. Machine, kumene mumamenyana ndi maloboti, anthu alipo koma ku Mann Up, mbali yake yolipira, akakuonani kuti ndinu watsopano ena amakuchotsani musanawombere ndi chipolopolo chimodzi, yambirani ku Boot Camp, mbali yake yaulere.

Ndalama musaikemo, ma crate aja, mabokosi otsegula ndi kiyi wogula, ndi juga. Chabwino gulani kanthu kamodzi kotchipitsitsa mu Mann Co. Store kuti akaunti ikhale premium, malo osungira zinthu mu backpack amachoka pa 50 kufika 300, koma mukatero basi tsekani chikwama. Munthu wosamudziwa akakupemphani friend nkukutumizirani link yoti mukavotere timu yake kapena akuti akaunti yanu ili pa mlandu lankhulani ndi admin wa Steam, ndi wakuba ameneyo, yatsani Steam Guard yotetezera akaunti yanu. Musakhulupirire munthu mu gemu imeneyi ngakhale mwasewera naye zaka. Komanso musasewere nokha, nokha imatopetsa msanga, pezani awiri atatu oti muzilowa nawo party. Voti ikatulukira musamangodina F1 ngati nkhuku yojompha chimanga, dinani Tab muone kaye kuti akuchotsedwayo ndi ndani, funsani chifukwa. Koma mukaona Sniper akuzungulira mfuti ili kumwamba musafunse zambiri F1 pompo.

Heavy uja tinakumana mwezi wathawu mwangozi pa Casual, timu imodzi, dzina sanasinthe. Anandilembera kuti eee man long time ngati palibe chinachitika. Pyro atamuyatsa anabwera akuthamanga molunjika kwa ine akukuwa Medic Medic moyo uli pa 40, ine ndinatembenuka nkukachiza Scout amene anali ndi moyo wodzadza kale.