Kodi otsutsa nkhani ya kutentha kwa dziko amatsekedwa pakamwa?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa ngati zili zoona kuti asayansi amene savomereza kuti zochita za anthu ndizo zikutenthetsa dziko amatsekedwa pakamwa. Zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndikuyankhani mosapsatira, poti dandaulo limeneli lili ndi gwero lake.

Mu November 2009, kutatsala masabata ochepa kuti msonkhano wa zanyengo wa ku Copenhagen uyambe, anthu osadziwika anamwaza pa intaneti maimelo oposa 1,000 a akatswiri a pa yunivesite ya East Anglia ku Britain. M'kalata ina, mkulu wa nthambi yofufuza zanyengo, Phil Jones, analemba kuti ayesetsa kuti zolemba ziwiri zosagwirizana ndi maganizo ake zisalowe mu lipoti la IPCC, bungwe la United Nations lounika kafukufuku wa kusintha kwa nyengo. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, chifukwa sayansi siingakule ngati wotsutsa sapatsidwa mpata. Komiti yofufuza nkhaniyi, yotsogozedwa ndi Muir Russell, inanena mu July 2010 kuti akatswiriwo sanachite chinyengo pa kafukufuku wawo, koma inawadzudzula pokhala ouma manja ndi zimene anzawo ankapempha kuti aone. Zolemba ziwirizo zinatchulidwabe mu lipoti la IPCC la 2007. Nayenso Lennart Bengtsson, katswiri wa zanyengo wa ku Sweden, atalowa bungwe la okayikira nkhani ya kutentha kwa dziko mu 2014, anatulukamo pasanathe mwezi, akudandaula kuti anzake akumusala.

Koma chimene ambiri ofalitsa dandauloli sanena n'chakuti dzanja lolemera kwambiri, la boma la America, linagwera asayansi ochenjeza za kutentha kwa dziko. Mu 2005 kunaululika kuti Philip Cooney, mkulu wina ku White House amene kale ankagwira ntchito yolankhulira makampani a mafuta ndipo sanali wasayansi, ankasintha mawu m'malipoti a boma kuti umboni wa kutentha kwa dziko uoneke wokayikitsa. Atatula pansi udindo anakalowa ntchito ku kampani ya mafuta ya ExxonMobil. Chaka chotsatira, James Hansen, wasayansi wa ku NASA, bungwe la America lofufuza za mlengalenga, anaulula kuti akuluakulu ankafuna kuyamba aona zimene akukakamba asanaonane ndi atolankhani.

Ndikupemphani musiyanitse kutsekedwa pakamwa ndi kugonja pa mtsutso wa umboni. John Christy ndi Roy Spencer a pa yunivesite ya Alabama ku Huntsville, amene ndi okayikira odziwika bwino, akhala akufalitsa zotsatira zawo kwa zaka zoposa 30, ndipo Christy waitanidwa kangapo kukalankhula ku nyumba ya malamulo ya America. Poyamba miyezo yawo yochokera ku masetilaiti inkaonetsa ngati mlengalenga simukutentha, koma asayansi ena atapeza zolakwika m'kawerengedwe kake mu 1998 ndi 2005, awiriwo anavomera n'kukonza, ndipo lero miyezo yawo yomweyo ikuonetsa kuti kutentha kukukwera.