Vinyo wa ku Médoc woumitsa m'kamwa

Mwafunsa ngati vinyo wanu wa ku Médoc wawonongeka poti akuumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Ayi achimwene, ndi mmene amakhalira akadali wamng'ono. Kudera limeneli la ku Bordeaux, m'dziko la France, amasakaniza mphesa za Cabernet Sauvignon, zomwe kawirikawiri zimachuluka, ndi za Merlot, nthawi zina ndi Cabernet Franc pang'ono. Makoko a Cabernet ndi okhuthala, ndiye madzi a mphesa akamasanduka vinyo ali pamodzi ndi makokowo kwa masabata awiri kapena atatu amatenga tannin wambiri. Woumitsa m'kamwa ndi ameneyo, ndipo Merlot amaikamo kuti afewetse. Kenako vinyo wabwino amagona m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225 kwa miyezi 12 mpaka 18.

Mutsanulireni m'jagi kutatsala ola limodzi kuti mumwe, ndipo akhale pa madigiri 16 mpaka 18. Akafunda, ukali wa mowa umaphimba fungo lake. Ndiwo zake ndi nyama yankhosa yowotcha kapena yang'ombe yonona, chifukwa mafuta amachepetsa kuuma kuja. Nsomba ayi, imamupatsa kakomedwe ka chitsulo. Tsabola wambiri amawonjezera kuwawa.

Wowonongeka weniweni nthawi zambiri amanunkha ngati katoni yonyowa, ndipo vuto limakhala pa chotsekera botolo cha cork, chopangidwa ndi khungwa la mtengo. Ameneyo mubwezeni kumene munagula.