Za Alps ija, ndi anthu ake olankhula ngati akuwerenga pepala

Achemwali, mwati munaonera filimu ya Alps ndi anzanu atatu: awiri ankangoseka, mmodzi anadzuka isanathe, inu n'kutsala chete osadziwa ngati mwaikonda kapena mwanyansidwa nayo. Ndiye mukufunsa ngati vuto ndi inuyo, komanso chifukwa chake ochita sewero aja amalankhula mouma chonchija. Vuto si inu ayi. Inenso tsiku loyamba ndinatsala choncho, ndipo ndinagona nayo m'mutu masiku angapo.

Filimuyi anaitulutsa Yorgos Lanthimos, wopanga mafilimu wa ku Greece, mu 2011, patangopita zaka ziwiri kuchokera pamene filimu yake ya Dogtooth inamutchukitsa. Nkhani anailemba limodzi ndi Efthimis Filippou, ndipo ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice chaka chomwecho anapatsidwa mphoto ya kalembedwe kabwino. M'filimuyi anthu anayi a gulu lotchedwa Alps, namwino, wa ambulansi, mtsikana wochita masewero olimbitsa thupi ndi mphunzitsi wake, amalipidwa kuti azilowa m'malo mwa omwalira, kuvala zovala zawo ndi kubwereza mawu awo kwa ofedwa.

Kuuma kwa malankhulidwe n'kwadala. Taganizani, mlendo angadziwe chiyani za mwana wanu? Wa ambulansi uja, mtsikana wosewera tenisi ali gone magazi okhaokha pambuyo pa ngozi, amamufunsa dzina la katswiri wa mafilimu amene amamukonda. Anzanu mwina anaseka pamenepo. Ine pamandiwawa, chifukwa zimene gululi limatolera ndi zomwezo basi: chimene ankakonda, mawu amene ankabwerezabwereza, nsapato zake. Munthu yense wathera pa tizinthu tochepa, ndipo makolo amavomera chifukwa alibenso pogwira. Mayi anga atamwalira ndinasunga uthenga wawo wamawu m'foni, wongondiuza kuti ndidzere kumsika, ndipo ndinaumvetsera kambirimbiri. Sindingawaseke makolo aja.

Koma amene anaseka sanalakwe. Lanthimos amaika zoseketsa ndi zopweteka m'mbale imodzi, ndipo sakuikirani nyimbo yachisoni yokuuzani kuti apa lirani. Ife tinazolowera maliro a anthu ambiri, olira mokweza, oimba usiku wonse, kotero chisoni cha m'chipinda chotseka, cholipiridwa ndalama, chimatikhala pakhosi. Wina amachitulutsa ndi kuseka, wina amangotuluka panja. Mnzanu amene anadzukayo musamukakamize kufotokoza, mwina panamukhudza penapake.

Mukadzaoneranso, maso anu akhale pa namwino uja, amene Angeliki Papoulia anasewera. Ine ndimati wofedwa weniweni ndi iyeyo. Amakhala ndi bambo ake okalamba, moyo wake ndi chipatala ndi kunyumba, ndipo sitimva n'komwe dzina lake lenileni kupatula loti Monte Rosa limene amadziwika nalo m'gulu. N'chifukwa chake amabisira anzake za imfa ya mtsikana wa tenisi n'kutenga ntchitoyo yekha. Sakufuna ndalama. M'nyumba ya makolo a mtsikanayo muli bedi, muli anthu omuitana kuti mwana wawo, muli malo oti iye akhalepo munthu. Atachotsedwa, n'kuthyola nyumba ija usiku, n'kumatchula mawu amene analoweza pamene bambo a mtsikanayo akumukokera panja, ndi pamene misozi inandigwera. Mawu ndi ouma omwewo, koma tsopano akutuluka mwa munthu amene sadziwa mawu ena olankhulira.

Kumbukiraninso zimene mtsogoleri wawo, wa ambulansi uja wodzitcha Mont Blanc, amanena za dzina la gulu: mapiri a Alps angalowe m'malo mwa phiri lililonse, koma palibe phiri lingalowe m'malo mwawo. Namwino anakhulupirira zimenezo, kenaka anaona kuti iyenso wina wamulowa m'malo mosavuta.

Mudzaionere nokha ulendo wachiwiri, usiku, foni mutazimitsa. Ndi ya mphindi pafupifupi 90 zokha. Mukatero mudzandiuze kuno mmene mwaonera zochitika za namwino ndi bambo ake chakumapeto, chifukwa pamenepo ndimafunitsitsa kumva maganizo a wina.