Khadi limenelo musalifomate kaye

Achimwene, pepani kwambiri ndi zomwe zakuonekeranizi. Mwati Loweruka munajambula ukwati kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo, pa memori khadi la 128GB lomwe munagula motchipa sabata yomweyo, ndipo mutaliika mu laputopu zikutseguka ndi zithunzi zoyambirira zokha, zina zonse zikungoonetsa mayina. Mwafunsanso chifukwa chomwe za m'tchalitchi zomwe zapulumukazo zatulukira zakuda komanso zogwedera. Ndiyamba ndi khadilo poti ndi lomwe likufunika changu.

Lichotseni m'kamera pompano. M'mbali mwake muli kabatani kakang'ono kolembedwa Lock, katsitseni. Musajambulirepo china ngakhale chimodzi, ndipo kompyuta ikakufunsani kuti ilifomate, kutanthauza kulifufuta kuti liyambirenso ngati latsopano, kapena ilikonze, kanani. Khadi likasokonekera, nthawi zambiri chimawonongeka ndi mndandanda wosonyeza pomwe fayilo iliyonse yakhala, koma zithunzizo zimakhala zikadali momwemo mpaka china chatsopano chitalembedwa pamwamba pake. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa PhotoRec yomwe imasanthula khadi lonse osadalira mndandandawo. Recuva nayo imathandiza pa Windows. Zomwe zapezeka muzisungire pa laputopu, osati pakhadi lomwelo.

Komabe sindikufuna kukulonjezani zomwe sizingatheke. Mmene mwafotokozeramu, khadilo likuoneka kuti ndi lachinyengo. Amatenga khadi la 8GB kapena 16GB n'kulisintha mkati kuti liziuza kamera kuti ndi la 128GB, kunja n'kumatapo dzina la kampani yodziwika. Kamera imakhulupirira, manambala amapitirira kuwerengeka, ndipo chithunzi chomwe chimabwera pasikirini mukangodina chimachokera m'kamera momwemo, n'chifukwa chake simunaone vuto tsiku lonse. Malo enieni akatha zimakhala ngati kuthira madzi m'ndowa yodzaza kale, amangosefukira pansi. Makhadi ena oterewa amalemba zatsopano pamwamba pa zakale. Zikakhala choncho palibe pulogalamu yomwe ingabweze chithunzi choti sichinasungidwe n'komwe.

Njira yodziwira ndi pulogalamu ya H2testw, yaulerenso. Imadzaza khadi lonse ndi mafayilo ake kenako n'kuwawerenganso, ndipo imakuuzani kukula kwenikweni kwa khadilo. Chonde iyendetseni pokhapokha mutamaliza ndi PhotoRec, chifukwa iyo imalemba pakhadi, ndiye ingafafanize ndi zochepa zomwe zikanapulumuka. Kutsogoloku khadi lililonse latsopano lidutse pamenepa lisanakaone ntchito ya munthu, ngakhale litakhala m'paketi yokongola ya SanDisk, Lexar kapena Kingston, pakuti mayina amenewa ndi omwe achinyengo amakonda kubera. Gulani pamalo pomwe angakupatseni lisiti, n'kuliyesa tsiku lomwelo kuti likalephera mukabweze.

Pogula, nambala yaikulu ija yolembedwa 100MB/s kapena 170MB/s isakukopeni. Imeneyo kawirikawiri ndi liwiro lokoperera zithunzi kupita pa kompyuta. Kamera imasowa liwiro lolembera, ndipo limeneli limasonyezedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono: Class 10 kapena U1 ndi 10MB pa sekondi, U3 kapena V30 ndi 30MB pa sekondi. Ngati mumajambula zithunzi zambiri motsatizana kapena vidiyo ya 4K, tengani V30. Makhadi a UHS-II, a mizere iwiri ya tizitsulo kumbuyo, ndi okwera mtengo, ndipo m'kamera yomwe sinapangidwire amenewo amangoyenda pa liwiro wamba. Ndalama imeneyo ndi bwino mugulire batire lachiwiri.

Ine ndimalimbikitsa makhadi atatu kapena anayi a 32GB m'malo mwa limodzi lalikulu. Pa kamera ya 24 megapixel fayilo ya RAW, chithunzi chosungidwa mmene kamera yachionera isanachikonze, imakhala pakati pa 25MB ndi 30MB, kutanthauza kuti 32GB imanyamula zithunzi pafupifupi 1,000. Zimenezo n'zokwanira gawo limodzi la ukwati. Khadi loyamba likhale la kokonzekera ndi kutchalitchi, lachiwiri la kojambulitsa akwati ndi operekeza, lachitatu la kuholo. Limodzi likavuta mwataya gawo, osati tsiku lonse. Lomwe ladzaza litsekeni Lock, liikeni m'kabokosi kake chotembenuza kuti mulizindikire, ndipo likhale m'thumba la malaya anu, osati m'chikwama cha kamera chomwe mumachisiya pampando mukamathamangira perekaniperekani. Amene muli ndi kamera yolowa makhadi awiri, monga Nikon D7200, D750 kapena Canon 5D Mark III, ikani kuti lachiwiri lizikopera zonse zomwe zikupita pa loyamba, osati lizidikira loyamba lidzaze.

Pali zizolowezi zina zomwe zimapha ngakhale khadi labwino. Kufomata kuzichitikira m'kamera yomwe ligwiremo ntchito, osati pa kompyuta, ndipo muzifomata mutaona ndi maso anu kuti zithunzi zili malo awiri, pa laputopu ndi pa hard drive yapadera, ndiponso kuti zikutseguka. Kanyali ka kumbuyo kwa kamera kakamaphethira ndiye kuti ikulemba, musatsegule chitseko cha khadi kapena kuchotsa batire. Batire likatsala kamzere kamodzi sinthani, musadikire kuti kamera izime pakati polemba. Pokopera zithunzi gwiritsani laputopu yoti batire lake lili ndi moto, chifukwa magetsi akathima kompyuta ya patebulo ili mkati mwa ntchito, khadi likhoza kusokonekera.

Chinthu chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuona wojambula akutulutsa khadi m'kamera n'kukalipereka kotsukitsa zithunzi. Kompyuta ya kumeneko imalandira mafulashi a anthu ambirimbiri pa tsiku, ndipo vayirasi ija yosandutsa mafoda kukhala shortcut imayenda m'njira yomweyo. Ndikudziwa kuti pa tsiku ngati la graduation ku Mzuni makolo amafuna chithunzi chawo asanakwere basi yobwerera ku Karonga kapena ku Mzimba, ndiye aliyense amakhala pachangu. Ngakhale zili choncho, koperani zomwe mwasankha pa fulashi ndipo fulashiyo ndi yomwe ipite. Ngati palibiretu njira ina, tsitsani Lock musanalipereke.

Muli mu menu momwemo, zimitsani chomwe chimalola kamera kujambula mulibe khadi. Pa Canon chimalembedwa Release shutter without card, pa Nikon ndi Slot empty release lock. Konzaninso tsiku ndi nthawi, makamaka mukamajambula awiri, kuti zithunzi zanu zikasakanizidwa zitsatane bwino. Manambala a mafayilo asamayambirenso pa 0001 mukasintha khadi, chifukwa mafayilo a dzina limodzi akakumana m'foda imodzi n'kosavuta kufufuta ina osadziwa.

Tsopano za mdima wa m'tchalitchi. Matchalitchi athu ambiri ali ndi mawindo owala kumbuyo kapena m'mbali mwa guwa, pomwe pakati pali mthunzi. Mukaisiya pa Auto, kamera imayeza kuwala kwa windo ndi diresi loyera la mkwatibwi, n'kuganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa. Zotsatira zake nkhope zimada bii, makamaka poti khungu lathu limabweza kuwala kochepa poyerekeza ndi nsalu yoyera. Yezerani kuwala pankhope, kapena onjezerani exposure compensation, yomwe imauza kamera kuti iwalitse kapena idetse chithunzi, pang'ono, +0.7 kapena +1, uku mukuyang'anira diresi. Yatsani chenjezo lomwe limaphethiritsa malo owalitsitsa. Windo likaphethira zilibe kanthu, koma diresi likayamba kuphethira bwererani pang'ono, apo ayi maluwa ndi mikanda ya pa diresipo sizioneka. Apa ndi pomwe RAW imaposa JPEG kutali, chifukwa imakulolani kukweza nkhope pa kompyuta diresi osawonongeka, komanso kukonza mtundu pomwe kuwala kwa mababu kwasakanikirana ndi kwa pawindo.

Kugwederako ndi nkhani ya shutter speed, liwiro lomwe kamera imatsegukira ndi kutseka pojambula. Lenzi yobwera ndi kamera, ya 18-55mm, mukaikokera ku 55 imangotseguka mpaka f/5.6, kabowo kolowetsa kuwala kochepa, ndiye mumdima kamera imatsikira ku 1/15 kapena 1/20 ya sekondi. Pa liwiro limenelo ngakhale abusa akungotukula dzanja, chithunzi chimapaka. Anthu akaima musatsike pansi pa 1/125, ndipo pa magule ndi perekaniperekani yambirani 1/250. ISO, yomwe mukaikweza chithunzi chimawala ngakhale mumdima, musaiope. Ikwezeni mpaka 1600 kapena 3200, chifukwa timadontho ta ISO timachepetseka pa kompyuta pomwe chithunzi chogwedera sichikonzeka. Mukapeza kangachepe, 50mm f/1.8 ndi lenzi yotsika mtengo yomwe imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10 kuposa f/5.6. Ngati mumajambulanso vidiyo, magetsi a kuno ndi a 50Hz, choncho ikani kamera pa PAL, mafulemu 25, shutter 1/50 kapena 1/100, kuti mababu asamaoneke akuphethira.

Potuluka m'tchalitchi, akwati asanafike pakhomo, bwezerani ISO pa 100 kapena 200. Ambiri amaiwala pamenepa n'kuyeretsa zithunzi zonse za panja. Kuno ku Mzuzu kumatha kucha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, pofika masana dzuwa lili phwee, ndiye zomwe munaika m'mawa ku Katoto sizigwiranso mukamajambula masana ku Luwinga. Makamera ena ali ndi C1 ndi C2, kapena U1 ndi U2, pa gudumu la pamwamba. Sungani zam'nyumba pa imodzi, zapanja pa inayo, kuti muzingopotokola. Chinyezi chomwechi chimameretsa nguwi m'malenzi, choncho kamera isamagone m'chikwama chonyowa, ndipo timapaketi ta silica gel tobwera m'mabokosi a nsapato musamatitaye.

Eni ukwati auzeni lero, musadikire kuti ayambe kukuimbirani. Afotokozereni zomwe zapulumuka ndi zomwe mukuyesa kubweza. Kumanani ndi amene anajambula vidiyo, chifukwa pa vidiyo yabwino mukhoza kudulapo zithunzi za kudula keke ndi za perekaniperekani, ndipo pemphani ankhoswe akuthandizeni kutolera za m'mafoni a abale zisanafufutidwe, zitumizidwe ngati document pa WhatsApp kuti zisachepe mphamvu. Ngati diresi ndi suti zikadalipo, apempheni akwatiwo tsiku lina muwajambulenso kwaulere. PhotoRec ikamaliza, tiuzeni muno kuti yapeza mafayilo angati komanso mtundu wa kamera yanu, tione chomwe chingachitike ndi otsalawo.